Musanajambule munthu wakumudzi, mufunseni kaye dzina

Pali chithunzi china chotchuka kwambiri ku America, mayi akhala mu katenti dzanja lili pachibwano, ana awiri abisa nkhope pamapewa awo. Anajambula ndi Dorothea Lange mu 1936 ku Nipomo, California, nthawi imene chuma cha dzikolo chinagwa anthu nkumangoyendayenda kusaka maganyu m'minda. Lange anali pa ntchito ya boma, anaima pamenepo mphindi ngati 10 basi, kujambula, nkumapita. Dzina la mayiwo sanafunse. Zaka zoposa 40 anthu akuona nkhope yawo osadziwa kuti ndi ndani, mpaka 1978 pomwe zinadziwika kuti ndi a Florence Owens Thompson, a mtundu wa Cherokee, pomwe ankajambulidwa anali ndi zaka 32 ndi ana 7. Sanapezepo olo khobidi. Chondiwawa kwambiri nchoti Lange anauza dziko kuti banjali linagulitsa matayala a galimoto kuti lipeze chakudya, ana awo anadzakana zimenezo, akuti galimoto inangowonongeka ndipo bambo ndi anyamata anali atapita kukakonzetsa radiator.

Ine nkhaniyi imandikumbutsa agogo anga. Chaka china cha njala kumudzi kunabwera anthu a bungwe lina ndi makamera akuluakulu, agogo atamva kuti awajambula anathamangira kubafa, kudzola mafuta, kutulutsa chitenje chawo cha kutchalitchi ndi duku yake. Ojambula aja akuti ayi agogo, valani zomwe munavala poyamba zija, khalani pafupi ndi nkhokwe yopanda kanthuyo ndipo musamwetulire. Agogo anamvera poti ndi alendo, komanso amaopa kuti akakana dzina lawo silituluka pa chimanga. Ndiye zimenezo tiziti munthu wavomera?

Njala inalipodi sindikukana, ndipo zithunzi zimathandiza, ngakhale ku Nipomo kuja boma linatumiza chakudya chithunzi chitangotuluka mu nyuzi, kungoti a Florence anali atachokako kale. Koma inu a makamera, chonde khalani kaye pamphasa, mufunse dzina, mumuuze munthu m'chinenero chake kuti nkhope yake ikaonekera kuti, kaya pa Facebook kaya pa chikwangwani ku London, muloleni akane osaopa kuti thumba la ufa limuphonya, avalenso zomwe iyeyo akufuna. Mukatsuka mubwere nacho chimodzi adzapachike m'nyumba. Agogo anga mpaka kumwalira amafunsabe kuti chithunzi chawo chija chibwera liti.