Akulemba atsopano, koma akale akutha kuchoka

Boma la kuno ku England likalengeza kuti likulemba anthu 1,000 oti aphunzire ntchito ya probation, monga linachitira mu 2024, anthu amawomba m'manja. Ine sindiwomba nawo. Ndimafunsa kuti nanga amene agwira ntchitoyi zaka 15 kapena 20 aja akusiyiranji?

Kwa amene simukuidziwa, ofisala wa probation ndi amene amayang'anira munthu wotuluka kundende chilango chisanathe, kapena amene khoti lamulamula kuti agwire chilango ali kunyumba. Kwathu ku Malawi ntchitoyi imagwera a social welfare a m'maboma, makamaka pa milandu ya ana. Kuno anthu oyang'aniridwa motere ndi pafupifupi 240,000 mu England ndi Wales.

Taganizirani tsiku la ofisala mmodzi. Munthu wakhala patsogolo pake, watuluka kundende dzulo, katundu yense ali m'jumbo, kogona kulibe, mkazi wake analetsa kuti asapondenso pakhomo. Nkhani ngati imeneyi imafuna kukhala pansi, kumva bwino, kuona ngati munthuyo akunama. Koma panja pali ena atatu akudikira, pakompyuta pali lipoti la OASys (loyeza kuopsa kwa wolakwa) losamalizidwa, khoti likufuna lina mawa m'mawa. Amacheza naye pang'ono, n'kumuuza kuti tionana sabata yamawa. Usiku tulo osabwera, akungoganiza kuti kodi uja sakavulaza munthu?

Zinafika bwanji pamenepa? Mu 2014 nduna ya zachilungamo, Chris Grayling, inang'amba ntchitoyi pakati. Anthu oopsa kwambiri anatsala m'manja mwa boma, ena onse anaperekedwa ku makampani 21. Anthu odziwa anachenjeza kuti munthu wooneka wofatsa lero atha kukhala woopsa mawa, ndiye simungawagawe chonchi. Sanawamvere. Makampani ena ankangoyang'anira anthu pafoni, ena anagwa, boma linataya ndalama zankhaninkhani pothetsa makontrakiti nthawi isanakwane. Mu June 2021 anaibwezanso ntchito yonse ku boma. Koma akatswiri ambiri amene anatopa ndi chipwirikiti chija anali atapita kale, ndipo sanabwerere.

Chaka chotsatira, mu June 2022, Zara Aleena, mayi wa zaka 35, anaphedwa akuyenda kupita kwawo ku Ilford, ku London. Womupha anali atatuluka kundende masiku 9 okha m'mbuyomo, ndipo sanapite kukaonana ndi a probation ngakhale kamodzi. Lipoti la oyendera ntchitoyi linapeza kuti anamuika m'gulu la oopsa mwapakatikati pomwe anayenera kukhala m'gulu la oopsa kwambiri, kuti chikalata chomubwezera kundende chinachedwa, ndiponso kuti ogwira ntchito anali ochepa, atalemedwa ndi milandu. Sindikuti olakwitsa asafunsidwe ayi. Banja lija linataya mwana. Koma zikavuta chonchi, amene amaitanidwa kuti afotokoze ndi wapansi uja amene anali ndi mafayilo osefukira patebulo. Anzake akaona zimenezi amayamba kufunafuna ntchito kwina, ndipo ndani angawadzudzule?

Ndiye ndende zitadzaza, mu September 2024 anayamba kutulutsa akaidi ena atagwira 40 peresenti ya chilango m'malo mwa theka. Tsiku loyamba lokha anatuluka pafupifupi 1,700. Onsewo anakagogoda pa maofesi omwe aja.

Kulemba atsopano pomwe akale akuchoka n'kuthira madzi m'ndowa yobooka. Maphunziro ake amatenga chaka ndi miyezi, ndipo ngakhale munthu atenge pepala, diso lozindikira kuti bambo akumwetulirayu akubisa kanthu silibwera ndi pepala. Limabwera pokhala pafupi ndi wamkulu amene anaziona zambiri. Wamkuluyo akachoka, mwana wa dzana amapatsidwa milandu ya ogwiririra ndi omenya akazi, popanda womufunsa.

Bungwe loimira ogwira ntchito ya probation la Napo lakhala likulira za malipiro ndi kuchuluka kwa ntchito kwa zaka zambiri. Ine ndikanakhala ndi mphamvu ndikanayambira pa kuika malire a milandu imene munthu mmodzi anganyamule, malire oti bwana sangawadumphe, kenako n'kuwonjezera malipiro a amene akhalitsa, kuti kukhala kuzipindulitsa kuposa kuchoka.

A Grayling aja, mukafuna kudziwa, mu 2024 anapatsidwa mpando ku House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo ya kuno.