Amalume ku Alhambra: "Tikamvana nawo pa geti"

Banja lililonse lili ndi munthu amene tikiti ikalembedwa 10:30 iye amawerenga kuti "chakum'mawa". Uyu wafika ku Granada, ku Spain, kudzaona Alhambra, linga lakale lokhala ndi nyumba za mafumu.

MPHWAWO: Amalume, valani nsapato. Nthawi ndi 9:15, ndipo tikiti yathu ya Nasrid Palaces, nyumba za mafumu zija, ndi ya 10:30.

AMALUME: Tiyi sindinamwe.

MPHWAWO: Mukamwa potuluka. Alhambra ili pamwamba pa phiri. Wapansi, kuchokera pa Plaza Nueva kukwera msewu wa Cuesta de Gomérez, ndi mphindi ngati 20, chitunda chokhachokha. Apo ayi tikwere kaminibasi kofiira, C30 kapena C32.

AMALUME: Kaminibasi sikanyamuka kasanadzaze. Usandithamangitse.

MPHWAWO: Kuno kamanyamuka ngakhale muli anthu atatu.

AMALUME: Ndiye mwini wake amadya chiyani?

MPHWAWO: Mvetserani. Tikitiyi ili ndi malo atatu. Alcazaba, linga la asilikali. Generalife, minda ya mafumu. Awiriwa mutha kulowa nthawi iliyonse tsiku lomwelo. Koma nyumba za mafumu zija amalowetsa anthu m'magulu, nthawi yake ili pa tikiti. Mukaphonya, zathera pomwepo.

AMALUME: Nyumbazo anamanga liti?

MPHWAWO: Zambiri m'zaka za m'ma 1300.

AMALUME: Ndiye zadikira zaka 700, zilephere kudikira kuti ndimwe tiyi?

(Amwa makapu awiri. Yachiwiriyo akuuzira.)

10:55, pa mzere.

MPHWAWO: Akuti nthawi yathu yadutsa.

AMALUME: Muuze kuti tachokera kutali.

MPHWAWO: Aliyense pamzerewu wachokera kutali. Awo achokera ku Japan, ndipo anafika 10 koloko.

AMALUME: Muuze kuti tinali ndi maliro.

MPHWAWO: Maliro a ndani?

AMALUME: Iwe uyambe kulankhula, dzina lipezeka.

MPHWAWO: Sizithandiza. Amaika tikiti pa kamakina aka. Nthawi ikadutsa, kamakana.

AMALUME: Mpatse ya fanta.

MPHWAWO: Kamakina sikamwa fanta, amalume.

AMALUME: Abwana ake ali kuti? Munthu wamkulu ndimakamba ndi akuluakulu anzanga.

MPHWAWO: Abwana akewo ndi amene anaika lamulolo. Zipinda zam'katimo ndi zazing'ono, makoma ake ndi a pulasitala wogoba mwaluso, sangapirire chikhamu cha anthu. N'chifukwa chake amawerenga olowa. Matikiti amatha masabata angapo tsiku lisanafike. Athuwa ndinagula miyezi iwiri yapitayo.

AMALUME: Chabwino, tigule ena.

MPHWAWO: Mwamva zomwe ndanenazi? Komanso chikwama chakumsana chanucho sichikanalowa. Chikaposa masentimita 40 mbali zonse chimatsala kosungira katundu.

AMALUME: Muli jekete ndi ambulera.

MPHWAWO: Uno ndi July. Kutentha kupitirira madigiri 35.

AMALUME: Mvula siuza munthu.

MPHWAWO: Tiyeni tione zotsalazo. Ku Alcazaba tikwera nsanja ya Torre de la Vela, pali belu, mzinda wonse umaoneka. Nyumba ya mfumu Charles V kulowa ndi ulere, kunja ndi yamakona anayi koma bwalo lam'kati ndi lozungulira.

AMALUME: Nanga mikango ija ya pa chithunzi?

MPHWAWO: Mikango 12 ya mwala wa nsangalabwi, yasenza kasupe pamsana. Ili m'kati momwe atikanizamo.

AMALUME: Yamwala? Ku Liwonde iliko yamoyo. Sindinaphonye kanthu.

(Khalani tcheru ndi mawu akuti "sindinaphonye kanthu". Amene amawanena ndi amene chikumuwawa kwambiri.)

MPHWAWO: Mwayi ulipo. Nyengo ino amatsegulanso usiku, kuyambira 10 koloko. Ndapeza matikiti awiri pa intaneti. Ndalipiranso kachiwiri.

AMALUME: Waona? Ndinakuuza kuti tikamvana nawo.

Masana, pafupi ndi tchalitchi chachikulu.

MPHWAWO: Apa ndi pa Capilla Real, pamene pali manda a mfumu Ferdinand ndi mfumukazi Isabella, amene analanda mzindawu kwa mfumu Boabdil pa 2 January 1492. Koma chenjerani. Mayi wina akakupatsani kanthambi ka rosemary, musalandire. Akugwirani dzanja, akuloserani za m'tsogolo, kenako afuna ndalama.

AMALUME: Mlendo sakana mphatso. Sitinaleredwe choncho.

MPHWAWO: Amalume, ikani manja m'thumba.

AMALUME: Zikomo kwambiri, mayi. Akuti chiyani?

MPHWAWO: Akuti mudzakhala ndi moyo wautali. Akutinso ndalama zachitsulo safuna, akufuna yapepala.

(Ma euro 10 apita.)

AMALUME: Njala. Tipeze chakudya.

MPHWAWO: Ndi 12:30. Kuno chamasana amadya cha m'ma 2 koloko, chamadzulo cha m'ma 9. Makhitchini ambiri sanayambe. Tilowe mu bala umu, tiitanitse chakumwa.

AMALUME: Ichi n'chiyani? Ndaitanitsa chakumwa chokha, wabweretsanso kambale ka nyama ndi mbatata.

MPHWAWO: Ndi tapa. Ku Granada ukagula chakumwa amakupatsa kachakudya kaulere. Ukaitanitsanso, kamabwera kena.

AMALUME: Kaulere? Ngati kanthambi kaja?

MPHWAWO: Ayi, aka n'kaulere zenizeni.

AMALUME: Wapsa mkamwa amauzira ndi madzi omwe. Abweze.

MPHWAWO: Onani bilu ya anthu awo. Palembedwa zakumwa zokha.

AMALUME: Amenewo ndi eni mudzi. Ife atiwerengera pamapeto. Abweze, ndati.

MPHWAWO: Ndidye ine?

AMALUME: Ukadya ulipira wekha.

(Mphwawo adya timbale tiwiri. Bilu ibwera ya zakumwa zokha.)

AMALUME: Waiwala kulemba. Tiye tizipita asanakumbukire.

9 koloko usiku, pa geti. Amalume afika ola lathunthu nthawi isanakwane, atavala jekete, opanda chikwama.

AMALUME: Lero aona kuti ndine munthu wosunga nthawi. Ndipo mnyamata wa m'mawa uja ali kuti? Andione.

MPHWAWO: Anaweruka. Tulutsani pasipoti, yatsala pang'ono.

AMALUME: Pasipoti ili pabwino.

MPHWAWO: Pabwino pake pati?

AMALUME: Kuhotela, pansi pa matiresi. Mzinda umene amagulitsa masamba ma euro 10 ungayende ndi pasipoti usiku?

MPHWAWO: Amalume! Tikitiyi ili ndi dzina lanu ndi nambala ya pasipoti. Amayerekeza ziwirizo, kuti anthu asamagule matikiti n'kumagulitsa mokwera. Popanda chiphaso simulowa.

AMALUME: Ndili ndi khadi ya kumpingo. Ili ndi chithunzi.

MPHWAWO: Sizitheka.

AMALUME: Nanga iwe sungandichitire umboni? Ndine mlongo wa mayi ako. Auze.

MPHWAWO: Kamakina kaja sikadziwa mayi anga. Tikwere takisi, nthawi ikadalipo, tikatenge.

AMALUME: Takisi usiku? Adula. Tiyenda wapansi, potsika n'posavuta.

MPHWAWO: Nanga pobwerera?

AMALUME: Tikaonera komweko.

11:15 usiku, pa Mirador de San Nicolás, malo okwera oonerapo mzinda, kudera la Albaicín, tsidya lina la mtsinje wa Darro. Alhambra ikuwala chapatali.

AMALUME: Waona? Pano ndi paulere, ndipo ikuoneka yonse. Amene ali m'katimo akuona khoma limodzi limodzi.

MPHWAWO: Talipira matikiti anayi, amalume.

AMALUME: Ndijambule. Uikokere pafupi, izioneka ngati ndaitsamira. Pa gulu la kubanja ulembe kuti "Amalume atatuluka mu Alhambra".

MPHWAWO: Akakufunsani za mikango?

AMALUME: Ilipo 12, yamwala. Si wandiuza wekha?

MPHWAWO: Chabwino. Mawa tikupita ku Córdoba. Sitima yake inyamuka 8 koloko m'mawa, ndipo 8 koloko yake ndi 8 koloko.

AMALUME: Woyendetsayo ndi mnyamata kapena munthu wamkulu?

MPHWAWO: Chifukwa?

AMALUME: Munthu wamkulu amamvetsa za tiyi.