Kwa ine wa ku Dowa, mlembi ndi Nthara

Mukandifunsa mlembi amene ndimamukonda kuposa onse sindichedwa kuyankha: Samuel Josiah Nthara. Ndikudziwa kuti a ku Zomba atchula Steve Chimombo ndi Napolo wake, a ku Mangochi akuwa dzina la Jack Mapanje, ndipo akumpoto atikumbutsa za Legson Kayira amene anayenda wapansi mpaka ku Sudan kufunafuna sukulu. Onsewo ndi akatakwe, ulemu wawo ndimawapatsa. Koma ine ndine wa ku Dowa, ndipo amene analemba za kwathu, m'chiyankhulo chimene ndinayamwira, ndi Nthara.

Bamboyu anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Mu 1933 buku lake la Nthondo linapata mphoto pa mpikisano wa mabuku olembedwa m'ziyankhulo za mu Africa, umene unkachititsidwa ndi bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London. Chaka chotsatira T. Cullen Young analitulutsa m'Chingerezi pa dzina loti Man of Africa. Nthawi imeneyo dziko lino linali m'manja mwa atsamunda, ndipo za Achewa ankalemba ndi alendo. Mphunzitsi wakumudzi anatenga cholembera n'kulondola moyo wa munthu mmodzi kuchokera kubadwa mpaka kumanda: mwana wosamva ndi wakuba, wopita kutali kukasaka ntchito, wobwerera kwawo n'kudzalowa ufumu. Anthu ake amalankhula monga amalankhulira akuluakulu pabwalo la milandu, mozungulira, mwaulemu, koma mbola ili m'kati.

Komatu limene linandigwira mtima kwambiri ndi la Msyamboza. Ameneyu sanali munthu wopeka ayi. Inali nyakwawa ya mudzi wa Chibanzi, kufupi ndi Kongwe, imene inaona nkhondo za Angoni, malonda a minyanga ndi akapolo, kenako kufika kwa amishoni ku Kongwe mu 1894. Nthara anatolera mbiri yake kwa anthu amene ankamudziwa, n'kutionetsa mfumu yosakhala pansi: yokumba ngalande zothirira, yoyesa mbewu zachilendo monga tirigu, yofuna kuona chilichonse chatsopano ndi maso ake isanachikane kapena kuchilandira. Bukuli linatuluka m'Chingerezi mu 1949. Lero tikamaphunzitsidwa ulimi wothirira ngati chinthu chobwera pa galimoto, mtima umandipweteka, chifukwa gogo wathu wa ku Chibanzi ankachita zimenezi kalekale, ndipo zinalembedwa. Ndi ana angati a sukulu ku Dowa amene analimvapo dzina lake?

Sindikunena kuti Nthara alibe pomugwira. Anali munthu wa mishoni, mabuku ake ambiri ankadutsa m'manja mwa amishoni, ndipo nkhani zake zimapendekera kutchalitchi. Ukamawerenga umadziwiratu kuti ulendowu ukathera pa ubatizo. Enanso amatsutsa zina zimene analemba mu Mbiri ya Achewa, ndipo kutsutsako n'kwabwino. Koma kuti titsutsane naye tiyenera kuyamba tamuwerenga, ndipo apa ndi pamene pagona vuto.

Nthondo amene ndinawerenga ine anali m'sutikesi ya agogo anga, pansi pa nsalu ya chigwirizano ndi buku la nyimbo. Chikuto chinali chitachoka, masamba atafiira, njenjete zitaboola m'mphepete, ndipo agogo anali atasoka msana wake ndi ulusi wakuda kuti asayoyoke. Sankalola kuti ndituluke nalo panja. Ndinkawerengera pamphasa iwo ali pomwepo, akundikonza ndikapunthwa. Pitani lero pa Mponela kapena pa Madisi mufunse buku limeneli. Mupeza makope, zolembera ndi mabuku okonzekera mayeso basi. Munthu wa ku Ulaya angathe kupeza Nthara m'laibulale ya yunivesite yake mosavuta kuposa mwana wa ku Mvera.

China chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti ife a lero sitikulemba za kwathu. Nkhani zambiri za achinyamata zimene ndimawerenga zimachitikira ku Area 47 kapena ku Namiwawa, ngakhale wolembayo anakulira ku Nambuma. Kodi Dowa yatha nkhani? Nanga tenanti amene wakhala miyezi akusoka fodya m'chigafa, manja akuda bii ndi utomoni, mabelo n'kupita ku okushoni ku Kanengo, iye n'kuuzidwa kuti ngongole ya chimanga chimene anadya yameza zonse? Nanga Dzaleka, imene inali ndende ya andale nthawi ya chipani chimodzi, n'kusanduka msasa wa othawa nkhondo mu 1994? Pamsika pake pakumveka Chiswahili, Kirundi, Kinyarwanda ndi Chichewa nthawi imodzi, ana athu akukwatirana nawo, ife tili chete. Nthara akanakhala moyo sakanazisiya zimenezi.

Tsono pempho langa lili pawiri. Osindikiza mabuku, tibwezereni Nthondo ndi Msyamboza pa mtengo woti mphunzitsi wa pulayimale angakwanitse. Ndipo abale anga, ngati wina ali ndi Msyamboza wa Chichewa kunyumba, ngakhale wong'ambika, chonde andiuze. Ndikufuna adzukulu a ku Chibanzi amve akuwerengedwa mokweza pabwalo la kwawo.