Mlendo wa kumudzi akafika ku London, musamukweze basi, muyende naye pansi

Pali chinthu chimene chimandiwawa mtima chaka chilichonse alendo a kumudzi akayamba kufika kuno. Munthu wasunga ndalama nthawi yaitali, wavutika ndi viza, wagona mu ndege usiku wonse, ndiye atafika ku London ife timangomukweza basi yopanda denga ija, kumupatsa tomvera m'khutu, n'kumuzungulitsa maola awiri. Akabwerera kwawo foni ili yodzaza ndi zithunzi, koma mukamufunsa chimene anaona amangoti, "Nyumba zikuluzikulu ndi wotchi ija." Abale anga, alendo athu tikuwamana. Ndipo vuto layambira pa ife eni ake, chifukwa ambirife tatha zaka tikudutsa kunsi kwa mzindawu pa sitima ya pansi pa nthaka, kuchoka kunyumba kupita ku shifiti, osadziwa zimene zili pamwamba pa mitu yathu.

Amene ananditsegula maso ndi malume anga, mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Chiradzulu. Anabwera mu 2023. Ndinali nditakonza kale zowagulira tikiti ya basi ija, koma iwo anakana. "Mphwanga, miyendo ndili nayo. Mudzi wa eni sauonera pawindo." Tinavala majekete, tinaika madzi ndi buledi m'chikwama, n'kutsikira pa siteshoni ya Westminster m'mawa.

Ukangotuluka pa siteshoniyo, nsanja ya wotchi ija imakhala pamutu pako penipeni. Ndi yaitali mamita 96. Dzina lakuti Big Ben kwenikweni ndi la belu lalikulu lili m'katimo, lolemera matani opitirira 13, ndipo nsanjayo dzina lake ndi Elizabeth Tower. Tinaima mpaka belu linalira, ndipo kulira kwake umakumva m'chifuwa. Nditawauza malume kuti wotchiyo inayamba kuyenda mu 1859, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chaka chomwecho ndi chimene Livingstone anafika pa nyanja yathu." Kuyambira pamenepo ulendo wathu unasintha. Sitinalinso kuona zinthu za eni zokha, tinayamba kufunafuna mapazi athu.

Tinaoloka msewu kupita pa bwalo la Parliament Square, pamene pali ziboliboli za anthu otchuka. Churchill alipo, Gandhi alipo, Jan Smuts alipo, ndipo chakumbali kuli Nelson Mandela atatambasula manja, amene anamuika mu 2007. Pamenepo sitinachedwe, chifukwa mtima wa malume unali pa tchalitchi cha Westminster Abbey.

Kulowa m'menemo ngati mlendo ndi kodula, sindikubisirani, koma tinalipira. M'kati mwa tchalitchi, pansi pamene anthu amaponda, pali mwala wakuda wolembedwa zilembo za mkuwa. Ndi manda a David Livingstone. Anthu ambiri ankangodutsa maso ali kudenga. Malume anavala magalasi, anawerama, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono chala chili m'mwamba monga ankachitira m'kalasi. Mawu oyamba pa mwalawo amanena kuti mtembowu unabweretsedwa ndi manja okhulupirika, kudutsa pamtunda ndi panyanja. Atamaliza anaweramuka n'kundifunsa motsitsa mawu, "Nanga maina a manja amenewo ali pati?"

Palibe. Livingstone anamwalira mu 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, dziko limene lero ndi Zambia. Anthu amene ankayenda naye, motsogozedwa ndi Chuma ndi Susi, anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo, anaumitsa mtembo ndi mchere ndi dzuwa, n'kuusenza pafupifupi miyezi isanu ndi inayi mpaka ku Bagamoyo kugombe. Chuma anali Myao, mwana amene anamasulidwa mu goli la ukapolo mu 1861 m'mapiri a Shire, kwathu konkuja. Pa maliro a mu April 1874 Chuma ndi Susi panalibe. Mwafirika amene ananyamula nawo bokosi anali Jacob Wainwright. Tinaima pa mwala umenewo nthawi yaitali, anthu akutilambalala. Basi ija imadutsa panja pa tchalitchichi mu mphindi imodzi, ndipo munthu sangadziwe kuti m'katimo muli nkhani ya mwana wa kwathu.

Kuchoka apo tinalowa mu msewu wa Whitehall. Kuchokera pa Parliament Square kukafika pa Trafalgar Square ndi pafupifupi kilomita imodzi yokha, mtunda woti mwana wa sukulu kwathu amauyenda asanatsuke n'komwe tulo m'maso. Ife unatitengera ola ndi theka. Kumanzere, pafupi ndi King Charles Street, kuli chinyumba chachikulu cha unduna woona za maiko akunja. M'menemo ndi mmene munalinso ofesi yoyang'anira maiko a atsamunda. Dziko lathu litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, ndi pamene linapatsidwa dzina la Nyasaland mu 1907, makalata a abwanamkubwa a ku Zomba ankathera m'zipinda za nyumba imeneyi. Malume anagwira khoma lake ndi chikhato. Anati ankafuna angokhudza malo amene anthu osadziwa n'komwe Mbombwe kapena Magomero ankagamulirako za agogo athu.

Patsogolo pang'ono, pakati pa msewu, pali chipilala choyera cha Cenotaph cha mu 1920, chokumbukira amene anafa pa nkhondo. Magalimoto amadutsa mbali zonse ziwiri. Malume anakumbuka chipilala cha asilikali a King's African Rifles (KAR) ku Zomba, n'kuyamba kundifotokozera za nkhondo ya Chiwaya, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija, ndi za amtengatenga amene ankagwidwa m'midzi kukasenza katundu wa asilikali, ambiri osabwererako. Anati John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914 kudandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo imene si yawo. Ankalankhula zimenezi osadziwa chimene chinali kutidikira kumapeto kwa msewuwo, chifukwa ine ndinali nditawabisira dala.

Pa Trafalgar Square pali mzati wa Horatio Nelson, mkulu wa asilikali a pamadzi a Angerezi, wautali mamita opitirira 50, ndi mikango inayi ya mkuwa patsinde pake. M'ngodya zinayi za bwalolo muli nsanja za miyala zoikapo ziboliboli. Zitatu zili ndi mfumu George IV ndi akuluakulu awiri a asilikali. Yachinayi inamangidwa mu 1841 koma ndalama zinatha, ndiye inakhala yopanda kanthu zaka zopitirira 150, mpaka anayamba kumaikapo ntchito za amisiri mosinthanasinthana. Kuyambira mu September 2022, pamenepo panaima Chilembwe.

Anaumba ndi Samson Kambalu, mwana wa ku Malawi, potengera chithunzi cha mu 1914 chimene Chilembwe anajambulitsa ndi mmishonale John Chorley pa tchalitchi chake chatsopano. Chilembwe anamupanga wamkulu kwambiri kuposa mzunguyo, manja ali kumbuyo, chipewa chili kumutu. Chipewacho ndiye nkhani yonse, chifukwa nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu.

Malume anaima chilili. Anayang'ana nkhope imene anaizolowera pa ndalama zathu, munthu amene ankaphunzitsa ana za iye chaka ndi chaka pofika pa 15 January. Dzanja lawo linakwera lokha kukavula kapusi monga timachitira kwathu pamaso pa wamkulu. Atafika nalo pamphumi anaima, kenaka anaikankhira bwino kapusi ija kumutu n'kutsitsa dzanja. Misozi inali m'maso. "Mphwanga, ndijambule ndili chivalire." Chithunzi chimenecho chili pakhoma kwawo ku Chiradzulu.

Chiboliboli chija anachichotsa mu 2024 nthawi yake itakwana, choncho mukapita lero mukapeza china. Koma zimenezo sizikuchotsa chifukwa choyendera. Tsidya lina la bwalo lomwelo kuli South Africa House, pamene anthu anachita zionetsero usana ndi usiku kuyambira 1986 mpaka Mandela atatuluka m'ndende mu 1990. Mukatsata msewu wa Pall Mall kwa mphindi khumi mufika pa geti la Marlborough House, pamene mu November 1962 Kamuzu Banda anakhala pansi ndi boma la Britain kukambirana zoti Nyasaland iyambe kudzilamulira, ndipo mu February 1963 anakhala nduna yaikulu. Patsogolo pake pang'ono pali Lancaster House, pamene panachitikira zokambirana za tsogolo la Nyasaland mu 1960, ndiponso za Zimbabwe mu 1979. Zonsezi zili pa mtunda woti nkhuku ikhoza kuuyenda. Palibe chikwangwani cholembedwa kuti Amalawi imani apa. Uyenera kufika wekha, ndi miyendo yako, uli ndi wina woti akuuze.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti imeneyi ndi miyala ya atsamunda, tikaigomerere chifukwa chiyani. Ndimawamvetsa, ndipo mkwiyo umenewo nanenso ndinaumva nditaima pa manda opanda dzina la Chuma. Koma kuona si kupembedza. Amene amangogoma ndi amene wadutsa mothamanga, waona kukongola kokha. Woyenda pansi ali ndi mpata wowerenga zimene zalembedwa ndi kuzindikira zimene sanalembe. Ine ndikufuna ana athu obadwira kuno adziwe kuti nkhani ya kwawo inadutsa m'misewu imeneyi kalekale, iwo asanabwere, makolo awo asanabwere.

Ena anena za mawondo a achikulire ndi mvula ya kuno yosapangana nayo. Zimenezo n'zoona. Malume anapuma kangapo, ndipo tinadya buledi wathu pa benchi m'paki ya St James's tikuonerera abakha. Musamuthamangitse munthu wamkulu. Sankhani kachigawo kamodzi patsiku, muvale nsapato zofewa, ambulera asachoke m'chikwama. Mvula ikakula lowani mu National Gallery pa Trafalgar pomwepo, kulowa ndi ulere. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, koma samalani njinga, sizimveka zikamabwera.

Ine kuyambira tsiku limenelo ndikakhala pa ofu ndimatenga chigawo chimodzi. Loweruka likubwerali ndikupita kum'mawa kwa mzinda ndi anzanga awiri a kuntchito. Tikayambira pa Tower Hill, pamene pali zotsalira za linga limene Aroma anamanga cha m'ma 200, tikazungulira kunja kwa Tower of London, kenaka tikakwera masitepe 311 a chipilala chokumbukira moto umene unapsereza mzindawu mu 1666, n'kukamalizira pa tchalitchi cha St Paul's. Amene muli pafupi ndipo mulibe shifiti, bwerani ndi ana, tikakumane pa siteshoni ya Tower Hill nthawi ya 10 koloko m'mawa.