Makolo pa gulu la masikauti: ku America kwina, ku Canada kwina

Gulu la masikauti silifa chifukwa ana atopa nalo ayi, kawirikawiri limafa akatopa makolo. Ana amabwera ndithu bola kukhale kampu, moto ndi matenti, koma wina akuyenera kuwanyamula, wina asunge ndalama, wina alembe mafomu, wina agone nawo kuthengo usiku wozizira uja. America ndi Canada ndi maiko ogundana malire, onse anatengera kwa Baden-Powell, woyambitsa masikauti, yemwe anayamba ndi kampu ya anyamata pa chilumba cha Brownsea ku England mu 1907, koma momwe amawagwiritsira ntchito makolo ndiye zosiyana ndithu.

Ku America bungwe lawo linayamba pa 8 February 1910, linkatchedwa Boy Scouts of America mpaka mu 2025 pomwe linasintha dzina kukhala Scouting America. Chodabwitsa kumeneko nchakuti gulu la ana silikhala la likulu mwachindunji, eni ake amakhala mpingo kapena kalabu ina ya mderalo yomwe yasaina pangano ndi bungwe, ndiye iwowo ndi amene amapereka malo okumanira komanso kuvomereza akuluakulu oti atsogolere. Pansi pake pamakhala komiti, yosachepera anthu atatu a zaka 21 kupita mtsogolo, ndipo ambiri mwa iwo amakhala makolo a ana omwewo. Wina msungichuma, wina mlembi, wina woona za katundu ndi mayendedwe. Scoutmaster, wamkulu wotsogolera gululo, amaona za ana, komiti imaona zakumbuyo.

Apa ndimawagomera a ku America, ntchito ya kholo ndi yodziwika, ili ndi dzina komanso malire ake. Mwana akamakwera sitepe amakakhala pamaso pa akuluakulu atatu kapena kuposerapo a mukomiti kuti acheze naye, amve momwe zikumuyendera, ndipo lamulo lake nlakuti kholo silikhala nawo pa zokambirana za mwana wake. Tangoganizani mnyamata wa zaka 12, shati waipisira bwinobwino, manja akutuluka thukuta, akufotokozera amayi a mnzake chifukwa chomwe mpunga unapserera kukampu, bambo ake ali panja mgalimoto akudikira. Kholo lomwe lili ndi luso, kaya makaniko kaya namwino, limalembetsa kukhala mlangizi wa baji ya lusolo, ana nkumalipeza okha. Kuti mwana afike pa Eagle Scout, sitepe yapamwamba kwambiri, pamafunika mabaji 21 ndi ntchito yothandiza anthu yomwe waitsogolera yekha asanakwanitse zaka 18, ndiye alangizi otere amafunika ambiri zedi.

Vuto lake nlakuti mwini gulu akachoka zonse zimagwedezeka. Mpingo wa Latter-day Saints utasiyana ndi bungweli kumapeto kwa 2019 unapita ndi ana pafupifupi 400,000 kamodzinkamodzi. China, ana aang'ono a Cub Scouts amakhala ndi gulu lawolawo ndi komiti yawo, ndiye mwana akafika zaka za m'ma 11 amawoloka kupita gulu lina, kholo nalo nkuyambiranso kuzolowera anthu atsopano, ndipo ena amatsikira pompo. Komanso kwa tiana tating'ono kwambiri kholo limayenera kubwera pa msonkhano ulionse kukhala pambali pa mwana, kenako akakula pang'ono akuliuza kuti bambo khalani uko, ana adzitsogolere okha. Si onse amamva zimenezo. Mupeza bambo walanda zikhomo za tenti akukhoma yekha kuti zithe msanga, ana asanu ataima manja mthumba kumuonerera, pomwe cholinga chonse chinali choti tenti igwe kawiri katatu mpaka aidziwe.

Ku Canada, komwe bungwe lawo linakhazikitsidwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo mu 1914, gulu limodzi limatenga misinkhu yonse. Beavers zaka 5 mpaka 7, Cubs 8 mpaka 10, Scouts 11 mpaka 14, Venturers 15 mpaka 17, kenako Rovers mpaka 26, onsewa pansi pa komiti imodzi. Ndiye kholo lomwe linalowa mwana ali ndi zaka zisanu limatha kukhala pamalo omwewo zaka khumi ndi anthu omwewo, matenti omwewo, thumba la ndalama lomwelo. Banja la ana atatu silithamanga makomiti awiri. Atsikananso analowa kalekale, pofika 1998 magulu onse anali osakaniza, pomwe ku America atsikana analoledwa pa msinkhu wa zaka 11 mpaka 17 mu February 2019, ndiye kholo la ku Canada lokhala ndi mwana wamwamuna ndi wamkazi lakhala likuwatula pakhomo limodzi kwa zaka zambiri. Pamenepa ine ndili mbali ya Canada, kholo lotopa limafuna malo amodzi basi.

Koma musaganize kuti ku Canada mumangofika nkuyamba kuthandiza. Wofuna kukhala mtsogoleri, amene onse amangowatchula kuti Scouter, amafunsidwa mafunso, amapereka anthu omuchitira umboni, apolisi amafufuza mbiri yake, kenako maphunziro. Zimatenga nthawi ndipo ena amagwa ulesi pakati panjira, nkusiya anthu awiri atatu omwewo akusenza zonse mpaka kulema. Maiko onse awiri ali ndi lamulo loti wamkulu asakhale yekha ndi mwana, pakhale akuluakulu awiri nthawi zonse. Ku America lamuloli analimangitsa atapsa kale, mu February 2020 bungwe linapita kukhoti kukanena kuti silingathe kulipira ngongole chifukwa cha milandu ya nkhanza zogonana, odandaula anapitirira 82,000 ndipo chipukutamisozi chinafika madola 2.46 biliyoni. Kuyambira September 2023 wamkulu aliyense wogona kukampu ya ana opitirira msinkhu wa Cub Scouts akuyenera kukhala wolembetsedwa, olo akhale bambo wa mwana. Makolo ena amanyinyirika kuti mwana ndi wanga yemwe mukundifufuza chani, koma mmatenti enawo muli ana a eni.

Pa ndalama ndiye amafanana pang'ono. Ku America ana amagulitsa popcorn nyengo yake ikafika, ndipo tinene zoona, ogulitsa enieni nthawi zambiri amakhala makolo, fomu imazungulira kuntchito kwa amayi mpaka kudzaza. Ku Canada ali ndi Apple Day yomwe inayambira mu mzinda wa Saint John mu 1932, ana amaima mu yunifomu ndi mabasiketi a maapozi, amakupatsa limodzi kuthokoza, iwe nkuponya kangachepe komwe uli nako. Iyi imandisangalatsa chifukwa kholo silingaime mmalo mwa mwana, palibe angalandire apozi kwa bambo wandevu, ntchito ya kholo ndi kubweretsa mwana, kuima chapatali ndi kuwerengera ndalama madzulo.

Munthu atati ayambitse gulu lero, kwa a ku Canada atengeko komiti imodzi ya misinkhu yonse, kwa a ku America atengeko kugawa ntchito zokhala ndi maina. Kungolengeza pa msonkhano kuti makolo tithandizeni sikubweretsa munthu, aliyense amayang'ana pansi. Koma mukamuuza mayi uje kuti inu mukhala woona za galimoto pa kampu ya mwezi wamawa yokha, ana khumi ndi awiri, kunyamuka Lachisanu madzulo kubwerera Lamulungu masana, amavomera, ndipo ikatha amafunsa yekha kuti yotsatira ndi liti.