Nyumba zoopsa za Halloween ku Orlando: mantha ndi mphindi zinayi, zotsalazo ndi mzere

Abale amene muli ku America, ndi inu amene mukukonza zokacheza ku Florida nyengo ino, tamverani kuno. Anthu akamafunsa za Halloween Horror Nights, mwambo wa usiku wolowa m'nyumba zoopsa zokonzedwa dala ku Orlando, funso lawo limakhala lomwelomwelo: kodi n'zoopsa bwanji? Ine ndimaona kuti funso lofunika ndi lina. Muziyamba mwafunsa kuti mukaima pa mzere maola angati, ndipo ndalama yanuyo ikakulowetsani m'nyumba zingati. Ambiri amene amabwerako akudandaula sanagonje ndi mizukwa, anagonja ndi miyendo yawo yomwe.

Mwambowu umachitikira m'paki ya Universal Studios Florida mumzinda wa Orlando. Unayamba mu 1991 ukutchedwa Fright Nights, mausiku atatu okha, nyumba yoopsa imodzi. Masiku ano umayamba chakumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala n'kukafika kumayambiriro kwa Novembala, mausiku oposa 40, ndipo nyumba zimakhala khumi. Kuwonjezera apo pamakhala misewu ingapo ya m'pakimo imene amaidzaza utsi ndi anthu ovala zoopsa oyendayenda pakati pa khamu. Amene anayambitsa zoterezi ndi a paki ya Knott's Berry Farm ku California mu 1973, koma lero dzina limene lili pakamwa pa aliyense ndi la ku Orlando.

Tiyeni tiwerengetsere. Zipata zimatsegulidwa 6:30 madzulo, ndipo mausiku ambiri amatseka 2 koloko mbandakucha. Amenewo ndi maola asanu ndi awiri ndi theka, kapena kuti mphindi 450. Mukagawa ndi nyumba khumi, iliyonse ikupeza mphindi 45, ndipo m'menemo muli kuyenda, kuima pa mzere ndi kulowa m'nyumbamo. Simunadye, simunapite kuchimbudzi, simunakhale pansi. Tsono Lachisanu kapena Loweruka la mu Okutobala, mzere wa nyumba yotchuka umafika mphindi 90 ngakhale maola awiri. Nyumbayo payokha mumaidutsa mphindi zitatu mpaka zisanu. Ndiye munthu wofika 8 koloko Loweruka ndi tikiti wamba, wopanda pulani, akalowa nyumba zinayi kapena zisanu athokoze.

Choyamba chimene chimasokoneza alendo ndi tikiti. Tikiti ya masana sikulowetsani ku mwambo wa usiku, ndi matikiti awiri osiyana. Tsiku la mwambowu paki imatseka 5 koloko madzulo, ndipo amene alibe tikiti ya usiku amatulutsidwa. Koma ngati muli ndi onse awiri, simutuluka. Amakuikani m'malo odikirira m'kati mwa paki momwemo, zimene amazitcha Stay and Scream, kenako amakumasulani kupita ku nyumba zina khamu la pa chipata lisanalowe. Ola limeneli ndi limene lili ndi phindu kuposa ena onse. Mungathe kumaliza nyumba ziwiri kapena zitatu anzanu akadali kusechedwa zikwama ku CityWalk, malo a masitolo ndi odyera amene mumadutsa popita pa chipata. Ngati muli ndi tikiti ya usiku yokha, fikani pa chipata ola lathunthu asanatsegule. Mukalowa musathamangire nyumba yoyamba imene mwaiona, chifukwa aliyense akuthamangira komweko. Pitani kumbuyo kwa paki, muzibwera chakutsogolo usiku ukamapita.

Nanga Express Pass? Imakulowetsani pa mzere waufupi, kamodzi pa nyumba iliyonse. Mtengo wake umasintha usiku ndi usiku, ndipo nthawi zambiri umaposa wa tikiti yolowera. Maganizo anga ndi awa: ngati muli ndi usiku umodzi wokha, ndipo usikuwo ndi Lachisanu kapena Loweruka, igulireni, apo ayi mwalipira ndalama zambiri kuti mukaone misana ya anthu. Koma ngati mungasankhe tsiku, Lachitatu kapena Lachinayi la mu Seputembala ndi lotsika mtengo komanso anthu amachepa. Amene mumakhala pafupi, pali matikiti a mausiku angapo otchedwa Frequent Fear, ndipo mausiku awiri opanda Express nthawi zina amatuluka bwino kuposa usiku umodzi wokhala nayo. Kamachenjera kena: ngakhale muli ndi Express, ola loyamba mizere ikadali yaifupi lowani pa mzere wamba, Express muisunge kuti mudzabwereze nyumba imene yakusangalatsani.

Tsopano za m'nyumbamo, chifukwa apa ndi pamene anthu amatuluka akuti "aa, palibe chimene ndaona" atadikira ola ndi theka.

Nyumbazi si nyumba zenizeni. Ndi tinjira tokhotakhota tomangidwa m'kati mwa mashedi ojambuliramo mafilimu ndi m'matenti aakulu kuseri kwa paki. Ku Orlando salowetsa anthu m'timagulu, mzere umangoyenda osaduka ngati nyerere, wina kumbuyo kwa mnzake. Woopseza aliyense ali ndi kabowo kake, kuseri kwa katani, chitseko kapena khoma lotseguka. Ambiri ali ndi batani kapena choponda ndi phazi chimene chimayatsa phokoso ndi magetsi pa nthawi imodzi ndi kutuluka kwake. Amatuluka, kukuwa, kubwerera, kudikira masekondi angapo, kutulukanso. Ndiye sangaopseze aliyense. Ngati watulukira munthu amene ali patsogolo panu, inu mungoona msana wake akubwerera m'kabowo, ndipo pamene adzatulukenso mwadutsa kale, zigwera wa kumbuyo kwanu. Mukhoza kuyenda nyumba yonse mukuphonya chotere, ngodya ndi ngodya.

Mankhwala ake ndi ophweka. Siyani mpata wa mapazi awiri kapena atatu pakati pa inu ndi amene ali patsogolo. Osaima, chifukwa m'makona mumakhala antchito ovala zakuda, tochi kumanja, amene ntchito yawo ndi kukuuzani kuti muziyenda. Koma kuchepetsa liwiro pang'ono pokhota kumamupatsa woopsezayo nthawi yokonzekanso. Gulu logwirana malaya, mitu pansi, likuthamanga ngati mbuzi zoona mvula, ndi limene limaona zochepa kwambiri. Dzutsani mutu. Yang'anani kumwamba, chifukwa ena amatulukira pamwamba. Mukaona chidole chachikulu chowala bwino kumanzere, dziwani kuti anachiika dala kuti maso anu apite kumeneko, munthu weniweni ali kumanja.

Oopsezawa amagwira ntchito mosinthana, magulu awiri, lililonse pafupifupi mphindi 45. Mukalowa pa nthawi yosinthana mumapeza mabowo ena ali opanda munthu. Limeneli ndi tsoka chabe, ndipo ndi chifukwa chake nyumba yomweyo wina amaitama pamene wina akuinyoza.

Palinso nkhani ya maso. Kumayambiriro kwa Seputembala dzuwa ku Orlando limalowa cha m'ma 7:30, ndiye nyumba zanu zoyamba mumalowa kukadali kowala. Maso ochokera padzuwa amatenga nthawi kuti azolowere mdima, ndipo nyumba ya mphindi zinayi imatha musanayambe kuona bwino. Valani magalasi adzuwa pa mzere, muwavule pakhomo penipeni. Zikuoneka zachibwana koma zimathandiza.

Lamulo lalikulu ku Universal ndi lakuti iwo sakukhudzani, inunso musawakhudze. Adzafika pafupi mpaka mpweya wawo kuumva pakhosi, wina adzaliza makina ochekera mitengo kumapazi kwanu (alibe tcheni, ndi phokoso ndi fungo la petulo basi), koma dzanja saika. Vuto limakhala kwa ife alendo. Pali anthu amene akadzidzimuka chibakera chimapita chokha. Ngati mukudzidziwa kuti ndinu otero, manja m'thumba kapena gwirani zingwe za chikwama chanu. Kumenya wantchito kumakutulutsitsani m'paki tikiti osabwezeredwa, ndipo nkhani ikhoza kufika kupolisi. Kuvala zigoba kumaso n'koletsedwa kwa alendo, kujambula m'kati mwa nyumba n'koletsedwanso, ndipo kuwala kwa foni yanu kumaonongera aliyense amene ali kumbuyo kwanu.

Amene muli ku Britain musatengere lamuloli kumeneko. Ku Fright Nights ya ku Thorpe Park ku Surrey, imene inayamba mu 2002, ndi ku Scarefest ya ku Alton Towers, m'nyumba zina oopseza amaloledwa kukugwirani, ndipo amalowetsa anthu m'timagulu. Werengani chikwangwani cha pakhomo musanalowe. Kumenekonso mdani wanu pa mzere ndi chisanu cha Okutobala, osati kutentha.

Ku Florida ndi kutentha. Mu Seputembala masana kumafika madigiri 32, ndipo usiku chinyezi sichichoka, thukuta limangoti noninoni. Mizere yambiri ili panja pa simenti imene yaotcha tsiku lonse, ndipo nyumba zili kutali kuseri kwa paki, kotero kuti kungochoka pa chikwangwani kukafika pakhomo ndi ulendo ndithu. Potuluka mumatulukira kwina, osati kumene munalowera, choncho mukapangana malo okumana ndi amene sanalowe, tchulani malo odziwika, osangoti "tikupezani pakhomo". Valani nsapato zimene mapazi anu anazizolowera kale, zatsopano zisiyeni kunyumba. Idyani musanalowe, chifukwa mizere ya chakudya nayonso ndi yaitali ndipo nthawi yake ndi yomwe ija ya mphindi 450. Madzi imwani pa mzere uliwonse. Tengani kajasi kamvula kapulasitiki, mvula ya mabingu imagwa mwadzidzidzi ndipo mwambo suima chifukwa cha mvula wamba. Namondwe ndiye amauimitsa: nyengo ya anamondwe kumeneku ndi Juni mpaka Novembala, ndipo paki inatsekedwa mu 2022 chifukwa cha namondwe Ian, komanso mu 2024 chifukwa cha namondwe Milton. Ngati mukuchokera kutali, musaike mwambowu pa usiku womaliza wa ulendo wanu.

Mowa amagulitsa paliponse, kwa a zaka 21 kupita m'tsogolo, ndipo amafuna chiphaso chokhala ndi chithunzi. Ngati ndinu mlendo m'dzikomo nyamulani pasipoti. Koma mowa, kutentha ndi kuima maola asanu ndi awiri sizigwirizana. Amene mumawaona atakhala pansi m'mbali mwa msewu 11 koloko, nsapato atavula, ambiri ndi omwewo.

Pa nkhani ya ana ndilankhula mosapsatira. A Universal amanena okha kuti mwambowu si woyenera ana osakwana zaka 13. Saletsa pa chipata, amasiyira makolo, ndipo makolo ena amalakwitsa. M'nyumbamo muli magazi abodza, mitembo ya zidole, fungo loipa lopopera dala, ndi phokoso logonthetsa m'khutu. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu sadziwa kuti wa nkhwangwayo ndi mnyamata wa ganyu amene pakapita mphindi 45 akamwa madzi kuseri. Ndipo misewu ya utsi ija simungaipewe kwathunthu, chifukwa ili panjira zopitira ku nyumbazo. Chimodzimodzi munthu wamkulu amene wanena kuti sakufuna, musamukoke kuti mukamuseke. Oopseza amasankha amene akuoneka wamantha kwambiri, ndipo akathawa amamutsatira. Iyeyo usiku wonse udzakhala chilango, inunso mudzathera nthawi yanu kumutonthoza. Amayi oyembekezera, a matenda a mtima, a khunyu ndi a mphumu, machenjezo a pa zikwangwani aja ndi anu: magetsi ophethira mwaliwiro ndi utsi wochita kupanga zili pafupifupi m'nyumba iliyonse.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti izi ndi za ufiti. Amene chikhulupiriro chake sichimulola, asapite, ndipo palibe amene ayenera kumunyoza. Koma tisasokoneze zinthu. Kwathu chilombo cha Gule Wamkulu chikatuluka kudambwe chili ndi mwambo wake ndi ulemu wake. Za ku Orlando ndi zisudzo zamalonda: akalipentala, opaka utoto, osoka zovala ndi achinyamata olembedwa ntchito ya miyezi iwiri. Chosangalatsa chenicheni kwa ine ndi luso la anthu amenewa, momwe shedi yopanda kanthu amaisandutsira manda, sitima yomira kapena mudzi wa chipale chofewa wozizira zenizeni pakati pa kutentha kwa Florida. Ndi chifukwa chake ndimati nyumba zimene a Universal apeka okha nkhani yake nthawi zambiri zimaposa zotengera mafilimu otchuka, ndipo mizere yake imakhalanso yaifupi, poti khamu limathamangira dzina limene likulidziwa.

Nyumba yotchuka kwambiri ija, ngati simunaipeze ola loyamba, isungireni kumapeto. Ikakwana 12 koloko usiku mabanja ndi otopa amayamba kutuluka, ndipo ola lomaliza mizere imatsika kwambiri. Nthawi zodikira zimaoneka pa app ya pakiyo, ndiye foni ikhale ndi moto, pawabanki m'chikwama. Mukalowa pa mzere nthawi yotseka isanakwane, ngakhale kwatsala mphindi ziwiri, amakulolani kudikira mpaka mulowe.