BMW ya pa balloon si yanu, achimwene, mukungoiyendetsa

Abale anga a ku Joni, ku Pretoria, ku Cape Town ndi kwina konse kuno ku South Africa, lero ndikamba za magalimoto, ndipo ena mundikwiyira. Kwiyani, bola muwerenge mpaka pansi.

Chaka chikamapita kumapeto, m'magulu athu a pa WhatsApp nkhani imakhala imodzi: ndani watulutsa chiyani. Uyu waponya chithunzi ali mu showroom, galimoto aimanga riboni yofiira, iye kiyi m'manja. Uyo Mercedes C-Class, winayo Audi A4, ambiri BMW 3 Series. Ife n'kumalemba kuti "mwafikapo bwana". Sindikunyoza ayi. Munthu amene anafika kuno ndi kachikwama kamodzi, n'kuvutika zaka mpaka mapepala ndi ntchito zinalongosoka, ali ndi ufulu wodzithokoza. Ndiponso magalimoto amenewa ine ndimawakonda mopanda manyazi. Tengani 330i ya mtundu wa G20, imene inayamba kugulitsidwa mu 2019. Injini yake ndi ya malita awiri okha, ya turbo, koma imatulutsa 190 kW, mphamvu yonse n'kupita kumatayala akumbuyo kudzera m'magiya asanu ndi atatu amene amasintha osamva n'komwe. Mukamatsika Van Reenen pa N3 kupita ku Durban, galimoto imakhala pansi phee, chiwongolero chikulemera pang'ono m'manja, mukakhota imakhota pomwepo osayamba yaganiza. Amene anaiyendetsapo akudziwa chimene ndikunena. Amene sanayendetsepo asatiuze kuti galimoto ndi galimoto basi.

Komanso dziko lino ndi BMW anadziwana kalekale. Fakitale ya ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, inkapanga 3 Series mpaka mu 2018 pamene inasinthira ku X3. Mercedes imapanga C-Class ku East London. Ku Soweto 325iS yakale ija, gusheshe, mpaka lero anthu amaiimirira ikamadutsa. Ndiye Mmalawi akakhala kuno nthawi yaitali, matendawa amamugwira basi.

Vuto langa lili pa tebulo laling'ono la kuseri kwa showroom, pamene pamakhala munthu wa zangongole. Funso lake loyamba silikhala lakuti muli ndi ndalama zingati. Amafunsa kuti, "Mungakwanitse zingati pa mwezi?" Mukangoyankha, nkhani yatha, chifukwa nambala iliyonse imene mungatchule iye aipeza. Atalikitsa ngongole kufika miyezi 72, kenako aika balloon. Balloon ndi gawo la mtengo wa galimoto limene amalikankhira kumapeto, kuti mudzalipire kamodzi ngongole ikamatha. Pa mwezi ndalama imatsikadi. Koma chiwongola dzanja chimawerengedwa pa ngongole yonse, kuphatikizapo gawo lokankhidwalo, mwezi uliwonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi.

Tiyeni tiwerengetse limodzi, ndi nambala zongoyerekeza, inunso mutha kuziyesa pa foni. Galimoto ya R700,000, yopanda dipoziti, chiwongola dzanja 12 peresenti, miyezi 72. Popanda balloon muzilipira pafupifupi R13,700 pa mwezi. Ndi balloon ya 35 peresenti, muzilipira pafupifupi R11,350. Kusiyana kwake ndi R2,300 ndi kakusefukira, ndipo pa tsiku losaina imaoneka ngati mphatso. Koma mwezi wa 72 ukakwana, galimoto itakalamba, banki ikufuna R245,000 nthawi imodzi. Zonse pamodzi mwalipira R76,000 yoposa mnzanu amene anakana balloon. Ndipo nambala imene imandiwawa kwambiri ndi iyi: pakatha zaka zitatu, mutapereka kale ndalama zoposa R400,000, ngongole yotsala ikadali pamwamba pa R510,000. Werenganinso kawiri.

Apa sitinaikepo inshuwalansi, imene pa galimoto ya ngongole ndi yokakamiza ndipo iyenera kukhala comprehensive, yoteteza galimoto yanu yomwe, osati za anthu ena zokha. Sitinaikepo tracker, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, imene a inshuwalansi ambiri amafuna pa galimoto zotere ku Gauteng. Sitinaikepo petulo. Sitinakambenso zoti ambiri amasaina chiwongola dzanja choyenda ndi prime, mlingo wa chiwongola dzanja umene mabanki amayendera, umene umakwera ndi kutsika. Amene anatenga galimoto kumapeto kwa 2020, prime ili pa 7 peresenti, anaona okha zimene zinachitika: pofika Meyi 2023 inali pa 11.75 peresenti, ndipo inakhala pomwepo kupitirira chaka. Galimoto yomweyo, malipiro a kuntchito omwewo, koma debit order yanenepa. Nthawi yomweyonso kumudzi kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zinakwera, mafoni opempha thandizo anachuluka. Ife alendo timakhala ndi mabanja awiri pa malipiro amodzi, ndipo banki sidziwa za feteleza wa amayi kapena fizi ya mwana wa achemwali.

Pali chinanso chimene anzathu eni dziko sakumana nacho. Ife kuti galimoto ilembedwe m'dzina lathu timafunika traffic register number, nambala imene amapatsa munthu wopanda ID ya dziko lino, ndipo mabanki amayang'ana kaye permit. Kawirikawiri amafuna dipoziti, ndipo safuna ngongole yotalika kuposa masiku a permit yanu. Ndiye ganizirani munthu amene permit yake imafunika kukonzedwanso, koma wasenza balloon yodzalipira kutsogolo. Mapepala akachedwa, ntchito ikaima, balloon siima nawo.

Tsopano nkhani ya "kukweza". Zaka zitatu zikakwana foni imalira: bwana, tili ndi yatsopano, bweretsani yanuyo tisinthane. Mu 2022 BMW inasintha nkhope ya G20, nyali zina, mkati sikirini yaitali yopindika. Amene anali ndi ya 2019 anayamba kuiona yawo ngati yachikale, chonsecho injini ndi yomweyo. Mukapita, amafunsa ku banki settlement, ndiko kuti ndalama yotsekera ngongole lero. Kenako amayendera galimoto yanu, kuloza kokalika pa rimu, kuloza matayala, n'kutchula mtengo wa trade-in, umene aitengere posinthanapo. Mtengowo ukachepa poyerekeza ndi settlement, kusiyanako sikusowa. Amakupezerani njira yoti kulowe mu ngongole yatsopano, ndipo mumatuluka mukumwetulira, mutakwera galimoto imodzi koma mukulipira ziwiri. Mukachita zimenezi kawiri, mwafika zaka makumi anayi zakubadwa mulibe galimoto, mulibe poloti ku Area 49 kapena ku Chileka, muli ndi zithunzi zokongola zokha.

Ena amati ndiye bola lease, kubwereka galimoto kwa nthawi yogwirizana. Mukudziwa? Pa mfundo imeneyi ndimagwirizana nawo, ngakhale ambiri amadabwa. Lease, kapena mapulani aja amene kampani imalonjeza mtengo umene idzatengere galimoto kumapeto, monga BMW Select kapena Agility ya Mercedes, amanena chilungamo. Ili ngati nyumba ya lendi: mukudziwa kuti si yanu, mukulipira kukhalamo, nthawi ikakwana mubweza makiyi. Galimoto ikagwa mtengo kwambiri pa msika, mutu wowawa ndi wa kampani, osati wanu. Pa balloon wamba zimenezi palibe. Galimoto ikagulitsidwa motsika kuposa balloon, mudzaonjezera za m'thumba. Ndiye ngati mtima wanu ndi wosintha galimoto zaka zitatu zilizonse, vomerani kuti ndinu wobwereka, saina pepala la wobwereka, musadzinamize kuti mukugula.

Koma lease ili ndi zingwe zake, ndipo kwa ife zingwezo n'zothina. Mumagwirizana makilomita oti muyende, mukapyola mumalipira pa kilomita iliyonse. Kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Blantyre kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi makilomita oposa 1,600. Kupita ndi kubwera, kuphatikiza maulendo a kwa apongozi ndi kunyanja, mwadya gawo lalikulu la chaka chonse mu Disembala mmodzi. Pobweza amayenderanso paliponse, ndipo kamwala kamene kanatema galasi pa msewu wa Masvingo mudzakalipira.

Ndipo ulendo umenewu umakukumbutsani mwini galimoto weniweni. Pa mapepala a NaTIS, kaundula wa boma wa magalimoto, pali mayina awiri, owner ndi title holder. Inu ndinu owner, inde, koma title holder ndi banki. Simungaoloke nayo chipata popanda kalata ya chilolezo yochokera ku banki, ndipo a inshuwalansi nawo ayenera kuvomera kuti akutetezani kunja kwa dziko. Munthu wamkulu, wandevu zake, kupempha chilolezo kuti akaone mayi ake pa galimoto imene amaitcha yake.

Msewu nawo uli ndi mawu ake. Magalimoto amenewa anapangidwira phula losalala. Pansi pake ndi pafupi, mpata wake sufika masentimita 15. Zambiri zimabwera ndi matayala a run-flat, opyapyala m'mbali, pa marimu a mainchesi 18 kapena 19, ndipo m'buti mulibe sipeya. Run-flat imakulolani kuyenda makilomita pafupifupi 80 tayala litabooka, pang'onopang'ono. Ku Midrand zimenezo n'zokwanira. Pakati pa Nyamapanda ndi Tete, dzuwa lili pamutu, dzenje litang'amba tayala m'mbali ndi kupinda rimu, makilomita 80 akufikitsani kwa munthu amene sayizi imeneyo sanaionepo. Pa M Sport zina matayala akumbuyo ndi otambalala kuposa akutsogolo, ndiye ngakhale mutanyamula limodzi lapadera, mwina si limene laphulikalo.

Kukweza kwina ndi kwa anyamata okonda phokoso: stage 1 (kusintha pulogalamu ya injini kuti mphamvu ichuluke), downpipe (kusintha paipi yotulutsa utsi), kutsitsa galimoto, marimu a mainchesi 20. Ndikumvetsa, injini za turbo zimenezi zimavomera msanga ukazikhudza pa kompyuta. Koma galimoto yatsopano ya BMW kuno imabwera ndi Motorplan, pulani yolipirira sevisi ndi kukonza, ya zaka zisanu kapena makilomita 100,000, ndipo Motorplan imeneyo ndiyo imapangitsa munthu wa malipiro wamba kugona tulo. Mukasintha pulogalamu ya injini, iwo amatha kuona akailumikiza ku makina awo, ndipo chikaonongeka chokhudzana ndi zimenezo akhoza kukana kulipira. A inshuwalansi nawonso, ngati simunawauze za zosinthazo, tsiku la ngozi apeza pothawira. Kuchita zotere pa galimoto ya banki, kwa ine, ndi kupusa kodula. Ikakhala yanu, mapepala ali m'kabati, chitani zimene mukufuna.

Nanga ine ndikanatani? Ndikanasiya munthu wina kuti adye kugwa kwa mtengo kwa zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, chifukwa m'zaka zimenezo ndi m'mene galimoto zotere zimatayira ndalama zambiri. Ndikanagula yoyendapo kale, yokhala ndi mbiri yonse ya sevisi, Motorplan ikadalipo, n'kufunsa mtengo woitalikitsa ndisanasaine. Dipoziti yooneka, miyezi 48 kapena 60, balloon ayi. Ngati nambala sizikukwana popanda balloon, ndiye kuti galimotoyo si ya msinkhu wanga chaka chino, ndipo palibe manyazi pamenepo. Pa mitundu, ndikanatenga 330i. M340i ndi chilombo, masilinda asanu ndi limodzi, malita atatu, kulira kwake kumafika mumtima, sindikana. Koma mu traffic ya pa N1 m'mawa, pakati pa Pretoria ndi Sandton, nonse mukukwawa chimodzimodzi, ndipo petulo, inshuwalansi, mabuleki ndi matayala zake zimadya mowirikiza. Amene amayenda mitunda italiitali asaiderere 320d, ya dizilo, yosamwa mafuta. Anthu amainyoza chifukwa cha nambala ya pa buti basi.

Kwa amene zavuta kale, musazimitse foni. Lamulo la National Credit Act limakakamiza banki kukutumizirani kalata ya section 129 isanapite kukhoti, ndipo nthawi imeneyo ndi yokambirana. Section 127 imakulolani kubweza galimoto mwakufuna kwanu, koma dziwani kuti kubweza si kufafaniza ngongole. Aigulitsa, nthawi zambiri pa okushoni, ndipo zotsala adzakulonjererani. Kuipezera nokha wogula, mogwirizana ndi banki, kumabweretsa mtengo wabwinoko.

Pomaliza, inu amene mumati "ndidzapita nayo kumudzi ndikadzabwerera". Kuti ituluke kotheratu ngongole iyenera kutha kaye, banki ikupatseni mapepala, mupeze police clearance ya SARPCCO, chikalata cha apolisi chotsimikizira kuti galimoto si yakuba, kenako mukakumane ndi MRA pa chipata, kumene msonkho umayang'ana mtengo, zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Ya malita atatu ija ikulumani pamenepo. Mukalowa, zipangizo zake zambiri muziitanitsa kuno komwe, ndi ndalama zakunja zimene kwathu zimasowa, ndipo makaniko wokhala ndi makina oiwerenga mumupeza ku Lilongwe kapena ku Blantyre, osati pa trading centre ya kwanu. Ngati kwanu ndi kolowera msewu wafumbi, mvula ya Januwale ikagwa 3 Series muziisiya pa sitolo ya pamsewu waukulu n'kukwera kabaza.